TODD MATSHIKIZA, MMISIRI WA KUSERI KWA CHINSALU

Munthu woyenda m'malokeshoni a mzinda wa Lilongwe masana a tsiku Loweruka, kaya ndi ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 kapena ku Mgona, salephera kumva nyimbo zikutuluka m'kalasi ya pasukulu kapena m'holo ya patchalitchi. Nthawi zina imakhala kwaya, koma nthawi zina amakhala achinyamata amene akukonzekera sewero. Tsiku loonetsa sewerolo likakwana, anthu amaombera m'manja mnyamata amene wawaseketsa ndi mtsikana amene waimba mogwira mtima, ndipo maina a awiriwa ndiwo amakambidwa m'njira pobwerera kunyumba. Koma amene adapeka nyimbozo, amene adachezera kusoka zovala, amene adakhoma matabwa a pansanja ndi amene adayenda khomo ndi khomo kubwereka mabenchi amatulukira khomo la kumbuyo popanda wowadziwa.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito imene imatsimikiza bwino mwambi umenewu ndi sewero la nyimbo, ndiye kuti sewero limene nkhani yake imayenda ndi zolankhula, nyimbo ndi magule pamodzi. Sewero lotere limafuna wolemba nkhani, wopeka nyimbo, wolemba mau a nyimbozo, wophunzitsa kavinidwe, oimba zoimbira, wojambula, telala, kalipentala ndi wosunga ndalama. Mbiri ili m'munsiyi ndi ya munthu amene adagwira ntchito yake kuseri kwa chinsalu, napeka nyimbo za sewero limene lidatchuka koposa masewero onse a m'malokeshoni a kum'mwera kwa Afrika pa nthawi yake. Dzina lake ndi Todd Matshikiza. Adabadwira ku South Africa, koma moyo wake adautsirizira ku Lusaka, mzinda umene Chinyanja chimamveka m'misika ndi m'mabasi momwe.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

Todd Matshikiza adabadwa m'chaka cha 1921 m'tauni ya Queenstown, imene tsopano ikutchedwa Komani, m'chigawo cha Eastern Cape. Kwawo ankalankhula Chixhosa, ndipo nyimbo zidali ngati ndiwo za tsiku ndi tsiku pakhomopo. Bambo ake ankaimba limba m'tchalitchi, mai ake adali woimba wodziwika wa mau okwera, ndipo mkulu wake Meekly adali katswiri wa piyano. Motero mwanayo adakula akumva mitundu itatu ya nyimbo: nyimbo za m'tchalitchi za mau anai, nyimbo za makolo a Chixhosa, ndi jazi wa ku America amene ankamveka pa magalamafoni a m'lokeshoni.

Maphunziro a sekondale adachitira ku St Peter's ku Rosettenville mu Johannesburg, sukulu imenenso Oliver Tambo adaphunzirako naphunzitsako. Kuchoka kumeneko adakaphunzira za nyimbo ku Adams College ku Natal, ndipo pambuyo pake adachita maphunziro a uphunzitsi ku Lovedale. Dzina la Lovedale si lachilendo kwa aphunzitsi a mbiri m'Malawi muno, pakuti kumeneko ndi kumene kudachokera William Koyi ndi anzake amene adabwera kudzathandiza mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1876. Atatsiriza maphunziro, Matshikiza adakhala pomwepo pa Lovedale naphunzitsa Chingerezi ndi masamu mpaka chaka cha 1947. Ali mphunzitsi chomwecho adayamba kupeka nyimbo za kwaya, ndipo yodziwika mwa izo ndi Hamba Kahle. Luso lake lidali losakaniza mitundu itatu ija mwa njira yakuti womvera sakadatha kuloza pamene wasokerera.

MOYO WA KU JONI

M'chaka cha 1947 Matshikiza adasamukira ku Johannesburg, mzinda umene Amalawi ambiri a nthawi imeneyo ankaudziwa ndi dzina lakuti Joni chifukwa cha ntchito za m'migodi. Chaka chotsatira, 1948, chipani cha National Party chidatenga boma ndipo chidayamba kukhazikitsa malamulo okhwima a tsankho otchedwa apartheid. Matshikiza adaphunzitsako pang'ono mumzindamo, kenaka adasiya natsegula kasukulu kake kophunzitsa piyano. Popeza nyimbo zokha sizikadatha kudyetsa banja, adagwirako ntchito m'sitolo ya mabuku ndiponso adayendako ndi malonda a malezala. Usiku ankaimbira piyano magulu otchuka monga Manhattan Brothers ndi Harlem Swingsters. M'chaka cha 1950 adakwatira Esme Mpama, ndipo adabereka ana awiri.

M'chaka cha 1952 adalowa ntchito ku magazini ya Drum, imene mkonzi wake adali Anthony Sampson. Kumeneko adagwira ntchito pamodzi ndi atolankhani amene maina ao adadzamveka m'Afrika yonse, monga Henry Nxumalo, Can Themba ndi Ezekiel Mphahlele. Iye ankalemba makamaka za nyimbo ndi za oimba, ndipo pambuyo pake adali ndi danga lake lotchedwa With the Lid Off. Chingerezi chake chidali chodumphadumpha ngati ng'oma, cha ziganizo zazifupi zothamanga, kotero kuti anzake adachipatsa dzina lakelake lakuti Matshikese.

Ngakhale adatanganidwa ndi utolankhani, sadaleke kupeka. M'chaka cha 1953 adapeka nyimbo ya kwaya yotchedwa Makhaliphile polemekeza wansembe wa mpingo wa Anglican, Bambo Trevor Huddleston, amene ankamenyera ufulu anthu a m'lokeshoni ya Sophiatown. Boma lidayamba kugwetsa lokeshoniyo mu Febuluwale 1955 ndi kusamutsira eni ake ku Meadowlands. M'chaka cha 1956, pamene mzinda wa Johannesburg unkakondwerera kuti wakwanitsa zaka 70, Matshikiza adapemphedwa kupeka nyimbo yaikulu ya kwaya ndi malipenga, ndipo adaitcha Uxolo, kutanthauza mtendere.

Masiku amenewo woimba wakuda ankadyeredwa masuku pamutu. Makampani ojambula nyimbo ankamupatsa ndalama pang'ono kamodzi kokha, ndipo phindu lonse la mbale zogulitsidwa linkapita kwa eni kampani. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi Solomon Linda, amene adajambula nyimbo ya Mbube m'chaka cha 1939 nalandira mashiling'i 10. Nyimboyo idazungulira dziko lonse lapansi, koma mwini wake adamwalira ali mmphawi m'chaka cha 1962. Pofuna kuteteza oimba ku mchitidwe wotere, kudakhazikitsidwa bungwe la Union of Southern African Artists, limene likulu lake lidali m'nyumba yotchedwa Dorkay House pa msewu wa Eloff. Bungwe limeneli ndilo lidadzasenza sewero limene lidatchukitsa nyimbo za Matshikiza.

NKHANI YA WANKHONYA

Sewerolo lidachokera pa nkhani yoona. Kudali katswiri wina wa nkhonya dzina lake Ezekiel Dlamini, munthu wamkulu thupi ndi wodzitama, amene anthu a m'malokeshoni adamupatsa dzina lakuti King Kong. Makamu ankamutsatira akamathamanga m'misewu pokonzekera nkhonya. Koma mbiri yake idayamba kuzilala, nayamba kugwira ntchito yolondera pakhomo la malo ovinira, ndipo m'chaka cha 1956 adapha mkazi amene adali naye paubwenzi chifukwa cha nsanje. Pa mlandu wake adapempha woweruza kuti amupatse chilango cha imfa, koma adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 12. Mu Epulo 1957 adadziponya m'damu la pandende ya Leeuwkop namira.

Anthu a m'malokeshoni adaona zambiri m'moyo wa munthu ameneyu. Adali ndi mphamvu zoti akadatha kulimbana ndi ankhonya a maiko ena, koma malamulo sankalola wakuda kumenyana ndi Mzungu m'bwalo la nkhonya, ndipo mphamvu zosowa kolowera zidabwerera mwini wake. Nkhani yotere inkafuna wopeka nyimbo wodziwa kusakaniza chisangalalo cha m'shabini ndi chisoni cha pamaliro.

AMISIRI AKUMANA

Maganizo a sewerolo adakulira m'nyumba ya Clive Menell ndi mkazi wake Irene, Azungu okonda zaluso amene ankalandira anthu a mitundu yonse pakhomo pao ngakhale boma silinkakondwera nazo. Kumeneko kagulu kakang'ono kankakumana madzulo, ndipo aliyense adasenza mbali yake ya denga.

Harry Bloom, loya amenenso adali mlembi wa mabuku, ndiye adalemba nkhani ndi zolankhula. Pat Williams, mtolankhani wachitsikana, adalemba mau a nyimbo za m'Chingerezi. Matshikiza adapeka nyimbo zonse ndiponso adalemba mau a nyimbo za m'zilankhulo za Afrika. Arthur Goldreich, wojambula zithunzi ndi mapulani a nyumba, adakonza maonekedwe a nsanja ndi zovala, kuti chinsalu chikatseguka oonerera aone msewu wa m'lokeshoni, shabini ndi bwalo la nkhonya. Leon Gluckman adali wotsogolera sewero, ndiye kuti munthu wouza aliyense poima, polowera, potulukira ndi kalankhulidwe koyenera. Arnold Dover adaphunzitsa kavinidwe. Ian Bernhardt wa bungwe la oimba lija adayang'anira za ndalama, za malo ndi za maulendo.

Pali ntchito ina imene oonerera ambiri saiganizira n'komwe. Wopeka nyimbo amaipeka pa piyano, koma bandi ya anthu 14 singaimbe kuchokera pa pepala la piyano. Pamafunika munthu wogawa nyimboyo, kuti lipenga lidziwe pake, sakisofoni idziwe pake, gitala ndi ng'oma zidziwenso pao. Ntchito imeneyi adaitsogolera Stanley Glasser, mothandizana ndi akatswiri a jazi Mackay Davashe, Kippie Moeketsi ndi Sol Klaaste. Ikatha ntchito yogawayo, gawo la choimbira chilichonse linkayenera kukoperedwa ndi dzanja papepala lakelake, pakuti makina ojambula mapepala a masiku ano kudalibe. Ena mwa okopera adali anyamata awiri a m'bandi yomweyo, Jonas Gwangwa ndi Hugh Masekela, ndipo Masekela pa nthawiyo adali ndi zaka 19 zokha. Anyamata amene adadzagwedeza dziko ndi malipenga ao adayambira pa tebulo, cholembera chili m'manja.

Pansanja padali anthu pafupifupi 70, onse akuda. Nathan Mdledle wa gulu la Manhattan Brothers adatenga mbali ya King Kong. Miriam Makeba adali Joyce, mwini shabini yotchedwa Back of the Moon, ndipo Joe Mogotsi adali Lucky, mtsogoleri wa zigawenga. Kupatula oimba odziwika ngati amenewa, ambiri sadaphunzirepo zisudzo. Adali aphunzitsi, makalaliki, antchito a m'nyumba ndi a m'mafakitale, anthu ofanana ndi amene amadzaza magulu a zisudzo a ku Kawale ndi ku Chinsapo. Ankabwera kudzakonzekera madzulo ataweruka ku ntchito zao.

ZOKHOMA ZA KUSERI

Kukonzekera kudali ndi zokhoma zimene oonerera sadazione. Lamulo linkafuna kuti mwamuna aliyense wakuda aziyenda ndi chitupa, ndipo wopezeka m'tauni usiku popanda chilolezo chapadera ankamangidwa. Popeza kukonzekera kunkatha usiku, ndipo malokeshoni adali kutali ndi pakati pa mzinda, oyang'anira sewero ankayenera kupezera anthu ao makalata oyendera usiku ndi galimoto zowatula kwao. Munthu amene ankathamanga ndi makalata amenewa sadaimbe nyimbo ngakhale imodzi, koma popanda iye oimba akadagona m'zitolokosi.

Vuto lina lidali la malo. Nyumba zikuluzikulu za zisudzo mumzindamo zidali za Azungu okha. Eni sewero adafuna kuti anthu a mitundu yonse aonere m'nyumba imodzi, ndipo malo amene adapezeka ndi holo yaikulu ya Yunivesite ya Witwatersrand.

Matshikiza adalinso ndi chake chomupweteka mumtima. Iye ndiye ankaudziwa moyo wa m'lokeshoni, popeza ankakhala momwemo, koma mphamvu yogamula zinthu idali m'manja mwa anzake Achizungu amene adali ndi ndalama, maofesi ndi ufulu woyenda. Anzakewo adali anthu odana ndi tsankho, ena mwa iwo adadzavutika nalo kwambiri, komabe dziko limene ankakhalamo lidawaika iwo pamwamba ndi iye pansi. Zimene adadzalemba pambuyo pake zikuonetsa kuti nthawi zina ankaona ngati ntchito yake ikuchoka m'manja mwake iye akupenya.

USIKU WOYAMBA

Sewero la King Kong lidaonetsedwa koyamba pa 2 Febuluwale 1959, kutatsala mwezi umodzi kuti boma la atsamunda lilengeze lamulo la nthawi ya chipwirikiti ku Nyasaland pa 3 Malichi. Holo idadzaza ndi anthu akuda, Azungu ndi Amwenye. Pakati pao padali loya wina dzina lake Nelson Mandela, amene pa nthawiyo adali mmodzi wa ozengedwa mlandu woukira boma, ndipo iye adamva m'nyimbo yotchedwa Sad Times, Bad Times uthenga wolimbikitsa iye ndi anzake a pamlandu.

M'nyimbo za usiku umenewo mudali zonse zimene Matshikiza adatola m'moyo wake. Mudali jazi wa m'shabini, mudali nyimbo ya ukwati yoimbidwa ngati ya m'tchalitchi, mudali nyimbo ya anthu oima pamzere kudikira basi m'mamawa, ndiponso mudali kwela, nyimbo za zitoliro za anyamata a m'misewu. Kwela ndi mtundu womwewo wa nyimbo umene Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald a ku Chileka adadzatchuka nawo m'Malawi muno ndi kunja komwe.

Sewerolo lidayenda m'mizinda ya Durban, Cape Town ndi Port Elizabeth, ndipo anthu pafupifupi 200,000 adalionera. Nyimbo zake zidajambulidwa pa mbale ndi kampani ya Gallo. Gawo la phindu lidathandiza kukhazikitsa sukulu ya nyimbo ndi zisudzo ku Dorkay House yotchedwa African Music and Drama Association. Pakati pa anthu amene adadutsa m'nyumba imeneyo padali Gibson Kente, amene adadzatchedwa tate wa zisudzo za m'malokeshoni chifukwa cha masewero ake a nyimbo monga Manana the Jazz Prophet la 1963 ndi Sikalo la 1966. Kente ankayenda ndi gulu lake m'maholo a m'malokeshoni momwemo, osadikira nyumba za zisudzo za m'tauni.

Koma dzina limene lidatuluka m'seweroli ndi kuuluka kutali lidali la Miriam Makeba. Chaka chomwecho adapita ku Ulaya, kenaka ku America, ndipo dziko lonse lidamudziwa. Udali ulemu womuyenera, pakuti mau ake adali osowa. Komabe mwa anthu amene ankang'ung'uza nyimbo ya Back of the Moon m'misewu, ochepa okha ndi amene ankadziwa amene adaipeka.

KU LONDON

M'chaka cha 1960 Matshikiza adapekanso nyimbo za sewero lina lotchedwa Mkhumbane, limene nkhani yake adalemba ndi Alan Paton, yonena za anthu a m'dera la zisakasa la Cato Manor ku Durban. Tsoka ilo, sewerolo lidatsegulidwa patangopita masiku ochepa apolisi ataombera ndi kupha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi. Dziko lidali pa chisoni ndi mantha, ndipo sewerolo silidayende kutali. Chaka chomwecho Matshikiza adatenga banja lake napita ku London.

King Kong adamutsatira kumeneko. Boma la South Africa lidapereka ziphaso kwa ochita sewerolo poganiza kuti adzaonetsa maiko akunja kuti anthu akuda akukhala mosangalala. Sewerolo lidatsegulidwa ku Princes Theatre mu Febuluwale 1961, ndipo mbali ya Joyce adatenga ndi Peggy Phango. Koma silidali ndendende lija la ku Johannesburg. Pofuna kukondweretsa Angerezi, eni malonda a zisudzo adasintha kagawidwe ka nyimbo ndi kuchepetsa chilankhulo cha m'lokeshoni. Olemba nyuzipepala adagawikana: ena adadandaula kuti silikudzudzula tsankho mokwanira, ena adayembekeza magule a kumudzi ndipo adadabwa kuona Afrika wovala masuti ndi kuimba jazi. Lidaonetsedwa pafupifupi ka 200 kenaka lidatsekedwa. Ambiri mwa ochita sewerolo, kuphatikizapo a Manhattan Brothers, adasankha kukhala kunja m'malo mobwerera ku chitupa.

Moyo wa Matshikiza ku London sudali wofewa. Kudalibe chitupa, koma tsankho lidalipo la mtundu wina, lobisika m'kumwetulira kwa eni nyumba za lendi amene ankamubweza akaona khungu lake. Ankapeza chakudya polembera manyuzipepala, pothandiza pa wailesi ndi poimba piyano m'malo achisangalalo. M'chaka cha 1961 adasindikiza buku la moyo wake lotchedwa Chocolates for My Wife, limene boma la kwao lidaletsa.

MASIKU OTSIRIZA KU LUSAKA

M'chaka cha 1964, chaka chimene Malawi ndi Zambia adalandira ufulu wodzilamulira, Matshikiza adabwerera ku Afrika nakhazikika ku Lusaka. Adalembedwa ntchito pa wailesi ya dziko la Zambia monga woulutsa nkhani ndi wokonza mapulogalamu. M'chaka cha 1967 adasamukira ku nthambi ya boma yofalitsa nkhani, kumene adapatsidwa udindo wosonkhanitsa ndi kusunga nyimbo za makolo. Ankayenda m'madera a dzikolo kufunafuna nyimbo ndi zoimbira. Munthu amene nyimbo zake zidamveka ku London adatha masiku ake akusunga nyimbo za anthu a kumudzi kuti zisatayike, ntchito inanso ya kuseri imene sibweretsa kuomba m'manja.

Ngakhale adalandiridwa bwino ku Zambia, mtima wake udali kwao, ndipo khomo la kwao lidali lotseka. Adamwalira ku Lusaka mu Malichi 1968 ali ndi zaka 46, asadaonenso Queenstown.

Anzake aja nawonso adabalalika ngati mbalame zoponyedwa mwala. Arthur Goldreich, wokonza nsanja uja, adali kuthandiza mobisa omenyera ufulu pa famu ya Liliesleaf ku Rivonia. Adamangidwa mu Julaye 1963, koma adathawa m'chitolokosi mwezi wotsatira natuluka m'dzikomo. Harry Bloom ndi Stanley Glasser adakakhala ku England monga aphunzitsi a m'mayunivesite. Makeba, Masekela ndi Gwangwa adakhala kunja zaka pafupifupi 30. Mwana wa Matshikiza, John, adakula nakhala katswiri wa zisudzo ndi mtolankhani, ndipo atabwerera ku South Africa adatsitsimutsa dzina la danga la bambo ake lija m'nyuzipepala ya Mail & Guardian. M'chaka cha 2017 sewero la King Kong lidaonetsedwanso ku Fugard Theatre ku Cape Town, ndipo chaka chomwecho Pat Williams adasindikiza buku lofotokoza m'mene ntchitoyo idayendera.

PHUNZIRO KWA A M'MALOKESHONI A KUNO

Malawi ali ndi mbiri yakeyake ya zisudzo. Mpikisano wa masewero a m'sukulu za sekondale wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM waphunzitsa achinyamata ambiri, ndipo m'modzi mwa amene adadutsamo, Du Chisiza Junior, adakhazikitsa gulu la Wakhumbata m'chaka cha 1987 naonetsa kuti munthu angathe kudya za zisudzo. Gulu la Kwathu lidaonetsa kuti sewero la m'Chichewa lingathe kudzaza holo. Koma kuno monga ku Joni, pambuyo pa dzina lililonse lotchuka pamakhala anthu ambiri amene maina ao sadalembedwe paliponse.

Wophunzira amene wangomaliza sukulu ndipo akufuna kulowa m'gulu la zisudzo la m'dera lake asaganize kuti khomo ndi limodzi lokha, la pansanja. Wamanyazi amene sangathe kulankhula pagulu angathe kukhala wopeka nyimbo, wojambula, wosoka kapena wosunga kaundula wa ndalama, ndipo gulu lopanda anthu otere limatha pa sewero lake lachiwiri. Masekela adakopera mapepala asadaime kutsogolo.

Atsogoleri a magulu nawo atolepo zinthu zitatu. Choyamba, dzina la aliyense amene wagwirapo ntchito lilembedwe pa chikalata cholengezera sewero, kuyambira wolemba nkhani mpaka wokoka chinsalu. Maina a amisiri a King Kong akudziwika lero chifukwa adalembedwa. Chachiwiri, nkhani ndi nyimbo zilembedwe ndi kusungidwa pamalo abwino, pakuti sewero losungidwa m'mutu limapita kumanda pamodzi ndi mwini wake. King Kong adatha kuukanso patapita zaka 58 chifukwa mapepala ndi mbale zake zidalipo. Chachitatu, za ndalama ndi za umwini wa nyimbo zikambidwe poyera sewero lisadayambe, kuti za Solomon Linda zisaonekenso. Kuyambira m'chaka cha 1992 m'Malawi muli bungwe la COSOMA loteteza umwini wa ntchito zaluso, chinthu chimene oimba a nthawi ya Matshikiza adachilakalaka.

Aphunzitsi amene amakonzekeretsa ana masewero a kusukulu ali ndi mbali yaikulu pa nkhani imeneyi, chifukwa chizolowezi chimayambira m'kalasi. Sewero likatha ndipo ochita ake agwada kulandira ulemu, sichitenga nthawi kuitananso amene adali kuseri kwa chinsalu, kuwaimika kutsogolo ndi kutchula maina ao mmodzimmodzi pamaso pa makolo ao. Mwina pakati pa ana amenewo, ku Biwi kapena ku Mgona, pali wina amene ali ndi nyimbo m'mutu monga adalili mphunzitsi wa masamu uja wa ku Lovedale.